Mau a Chingerezi Akuti "Closed"

Pa tchuthi chapitachi mai anatuma mlongo wanga wa ku pulaimale kukagula mchere ku golosale. Anabwerako chimanjamanja, ndipo pofuna kutionetsa Chingerezi chake anati, "The shop is close." Tinaseka, koma kunena zoona ambiri a ife timalakwitsa chimodzimodzi polemba chimangirizo, ndipo malikisi amathawira pomwepo. "Close" wopanda "d" m'chiganizo chimenechi akutanthauza pafupi. Iye amafuna kunena "closed", kutanthauza kuti sitoloyo inali yotseka.

Ife amene timaphunzira Chilatini tili ndi mwayi, chifukwa gwero la mauwa ndi mneni "claudere", kutseka. Analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakale. Abale ake ndi "include", kutsekera m'kati, "exclude", kutsekera kunja, ndiponso "cloister", malo otchingidwa amene amonke amakhalamo.

Choyamba kudziwa n'chakuti "closed" si "locked". Chitseko chikhoza kukhala chotseka koma chosakiya, moti mbuzi itakankha ndi mutu ikhoza kulowa. Tisiyanitsenso "closed" ndi "closed down". Banki imakhala "closed" Lamulungu, Lolemba n'kutsegulanso. Koma sitolo yomwe yachita "closed down" ndiye kuti malonda atheratu, mwini wake wanyamula katundu.

Vuto lina limachokera ku chilankhulo chathu. Kwathu timati "tseka wailesi", ndiye mnyamata amangotembenuza nati "The radio is closed." Mngerezi angadabwe. Iye amati "switched off".

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri ndi phunziro la sayansi. Ndinkaganiza kuti "closed circuit" ndi pamene magetsi atsekeredwa, monga madzi pampopi. Ayi ndithu. Njira ya magetsi ikakhala "closed" ndiye kuti mawaya alumikizana popanda mpata kuchokera ku batire mpaka kubwereranso, magetsi akuyenda ndipo babu layaka. Ikakhala "open", njira yaduka, babu lazima. Mpaka lero ndimayamba ndaima kaye ndisanayankhe funso limeneli.

Anzathu ochokera ku Mangochi ndi ku Salima amadziwa "closed season". Nyanja ilibe chitseko, komabe timati aitseka. Imeneyi ndi nyengo yomwe boma limaletsa kugwiritsa ntchito makoka ena kuti chambo chiswane, makamaka m'miyezi ya Novembala ndi Disembala.

Palinso "closed question", funso loyankha kuti inde kapena ayi basi. Msonkhano wochitika "behind closed doors" ndi wa kuseri, anthu wamba saloledwa. Munthu wa "closed mind" ndi nkhutukumve, wosafuna kumva maganizo a anzake. Ndipo a Rekitala akanena kuti "The matter is closed," m'bale wanga usakwezenso dzanja, nkhani yatha.