Maola 48 m'chitokosi

Munthu akagwidwa ndi apolisi, abale amathamangira kuphika nsima yokapereka kupolisi. Ine ndimafuna kuti aziyambanso kuwerenga maola, chifukwa lamulo limawerenga.

Ndime 42 ya malamulo oyendetsera dziko la Malawi imati womangidwa auzidwe chifukwa chomwe wamangidwira, m'chilankhulo chimene amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete komanso woonana ndi loya. Chachikulu n'chakuti azikaonekera kubwalo la milandu pasanathe maola 48, kuti akauzidwe mlandu wake kapena chifukwa chomusungirabe. Zikalephereka, atulutsidwe. Maolawo akathera Loweruka, Lamlungu kapena pa tsiku la tchuthi, amutengere kukhoti tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. N'chifukwa chake kumangidwa Lachisanu kumawawa kwambiri.

Amene analemba malamulowa mu 1994 ankakumbukira za ndende ya Mikuyu. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa kumeneko kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuimbidwa mlandu uliwonse. Nthawi imeneyo boma likangokukayikira, zinali zokwanira. Ndimeyi inachotsa mphamvu yotsekera munthu nthawi yaitali m'manja mwa wapolisi n'kuipereka kwa woweruza, amene amagamula poyera, anthu akumva.

Zimandipweteka kuti amene amagonera m'chitokosi masiku ambiri kawirikawiri ndi osauka, omwe sanauzidwepo zonsezi. Ena amagulitsa mbuzi kuti "agule" belo, chonsecho belo ya kupolisi ndi yaulere. Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku Legal Aid Bureau. Ndipo maola akakwana, funsani mkulu wa polisiyo mwaulemu koma mosaopa: m'bale wathu apita liti kukhoti?