Eni maminibasi kwa Mwase, musaiwale oilo wa mu giyabokosi

MVULA ikatha m'mwezi wa April, mseu wocoka kwa Mwase kupita pa boma la Lundazi supuma. Cimanga, nshawa, soya ndi thonje zonse zimafuna msika, ndipo eni mbeu amadalira maminibasi akale, makamaka a Toyota Hiace, amene anabwera kuno atayenda kale zaka zambiri ku Japan.

Taona kuti eni galimoto ambiri sacedwa kusintha oilo wa mu injini, koma wa mu giyabokosi amamukumbukira magiya akayamba kulira. Apo n'kuti madzi atafika kale m'khosi. Giyabokosi ikafa, galimoto imakhala pa miyala masabata angapo, mwina mpaka munthu apite ku Chipata, ulendo wa makilomita pafupifupi 180, kukasaka ina yogwirapo kale nchito. Nyengo yokolola yadutsa, ndalama ya ana a sukulu yapita.

Akulu anati walira mvula walira matope. Galimoto ikamadutsa m'madambo ndi m'timitsinje todzaza, madzi amatha kulowa m'giyabokosi yotentha kudzera pa kabowo kopumira kapena pa masilo akutha. Oilo wosakanizika ndi madzi sateteza mano a magiya ndi mabelingi. Ndiye cifukwa cake tikuti nthawi yabwino yomuona ndi mvula ikangotha. Amakanika ambiri amalangiza kumusintha pa makilomita 40,000 alionse ngati galimoto imayenda m'miseu ya fumbi itasenza katundu.

Nchitoyi itheka pakhomo. Coyamba, gulani oilo woyenera. Hiace yakale ya magiya a pamanja imafuna oilo wa magiya monga 75W-90, pakati pa malita 2 ndi 3. Onani pa cigubu ngati palembedwa GL-4 kapena GL-5, ndipo tsatirani zimene buku la galimoto yanu likunena. Magiyabokosi ena, monga a Nissan ambiri, amafuna GL-4 cabe, popeza mankhwala a m'oilo wina wa GL-5 amadya mphete za mkuwa zimene zimathandiza giya kulowa bwino. Oilo wa m'mabotolo opanda dzina wogulitsidwa m'mbali mwa mseu mulekeni.

Konzani sipanala yokwana bwino, imene pa Hiace zambiri ndi ya 24, beseni lakale, nsanza, mawasha awiri atsopano, fanelo ndi paipi yoyera yotalika kuposa mita imodzi.

Yendetsani galimoto mphindi khumi kuti oilo afunde, cifukwa wozizira amatuluka mocedwa. Imikani pamalo osendeka ai, koma athyathyathya, kokani handibuleki, zimitsani injini ndi kutsekera mateyala ndi miyala. Abale athu, musalowe pansi pa galimoto imene yakhalira jeke yekha. Jeke amaterereka, ndipo anthu afa motero. Ikani zitsulo zocirikizira kapena zipika zolimba za mtengo.

Giyabokosi ili ndi mapulagi awiri: wothirira m'mbali, wokhuthulira pansi. Yambani kumasula wa m'mbali. Mukayamba ndi wa pansi, oilo n'kutha, kenaka wa m'mbali n'kukana kumasuka, mudzathirira pati? Pukutani matope pozungulira pulagi musanamasule kuti mcenga usalowe.

Tsopano masulani wa pansi, oilo agwere m'beseni. Muyang'anitsitseni. Wakuda ndi wonunkha ndiye kuti wakalamba cabe. Wooneka ngati tiyi wa mkaka ndiye kuti mwalowa madzi. Pulagi wa pansi nthawi zambiri amakhala ndi maginito: tiufa ta citsulo tosalala si tocititsa mantha, koma mukapezapo tizidutswa tomveka pa zala, itanani makanika galimoto isanasenze katundu wina.

Oilo akaleka kudontha, bwezani pulagi ndi washa watsopano. Mangani mokwanira osacita kupondera sipanala ndi mwendo, kuopa kuononga mazinga. Lowetsani paipi pa bowo la m'mbali, mnzanu agwire fanelo pamwamba, athire pang'onopang'ono. Oilo akayamba kusefukira pa bowolo, wakwana. Tsekani, pukutani, yendani pang'ono, ndipo m'mawa muone pansi ngati padontha. Lembani tsiku ndi makilomita m'kabuku. Mukadali pansi pomwepo, onaninso oilo wa mu difu, pakuti nayenso amasambira m'matope omwewo.

Tinene poyera kuti oilo watsopano saciritsa giyabokosi yakutha. Giya ikamatuluka yokha poyenda, kapena ikamakana kulowa cifukwa ca kilaci, ndi nchito ya makanika.

Cotsiriza ndi oilo wakale uja. Musamutaye m'dambo, pafupi ndi citsime kapena m'dimba, ndipo musapake pa zilonda za ng'ombe. Oilo wotha nchito ali m'gulu la zinyalala zoopsa zimene bungwe la ZEMA limayang'anira, kutsatira lamulo la zacilengedwe la caka ca 2011. Muthireni m'cigubu cotseka, kutali ndi ana, ndipo mufunse ku magalaja a pa boma kumene amamulandira.

M'mwezi wa August anthu a kwa Mwase adzafuna galimoto zopita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete. Ulendo ndi wautali. Mwini minibasi amene afuna kukafika ndi kubwerako bwino ayambe lero kugwada pansi pa galimoto yake.