Kupulumutsa Zimbale za DVD Zisanafe

M'maofesi a mipingo, m'masukulu ndi m'timasitolo ta ojambula kanema ku Kauma, Kawale ndi Chinsapo muli makatoni odzaza ndi zimbale za DVD. M'zimbalezo muli makwaya, maukwati, misonkhano ndi maphunziro a anthu apantchito, ndipo zambiri mwa izo zilibe zinzake kwina kulikonse. Eni ake amayesa kuti chimbale chikagona m'katoni ndiye kuti chasungika, koma zoona zake n'zakuti chimbale nachonso chimakalamba ndi kufa.

Zimbale za DVD zidayamba kugulitsidwa ku Japan m'chaka cha 1996. Zodindidwa kufakitale zimakhalitsa ndithu, koma zimene munthu amadzijambulira yekha pakompyuta zili ndi utoto wopyapyala m'kati mwake, ndipo mau ndi zithunzi zimalembedwa pautotowo. Dzuŵa, kutentha kwa m'nyumba za malata ndiponso chinyezi cha m'dzinja zimaononga utotowo pang'onopang'ono, kotero kuti chimbale chooneka chosalala kunja chimatha kukana kuseŵera. Kuwonjezera apo, makompyuta ambiri atsopano akubwera opanda poloŵetsera chimbale.

Mankhwala ake ndiwo kusamutsira zonse za m'zimbale m'kompyuta. Chimbale chimodzi chawamba chimanyamula magigabaiti 4.7, motero hard drive imodzi ya terabaiti imodzi, yokwana m'thumba la malaya, ingathe kumeza zimbale zoposa 200. Ntchitoyi iyenera kuyamba ndi kusankha. Zimbale zojambulidwa pamalo pomwepo, zimene sizingagulidwenso kusitolo, ndizo ziyenera kutsogola. Chilichonse chipukutidwe ndi kansalu kofeŵa kuchokera pakati kupita m'mphepete, chikopedwe chathunthu, kenaka wina aonere zimene zakopedwazo kuti atsimikize kuti zatuluka bwino.

Chotsatira ndicho kutchula maina. Kanema wopanda dzina ali ngati kalata yopanda keyala. Pa aliyense palembedwe chaka, malo, mwambo ndi amene adajambula, ndipo ndandanda yomweyo isungidwenso m'kaundula, kuti mlembi watsopano adzapeze msanga chimene akufuna.

Akatswiri osunga mbiri amalangiza kuti chinthu chofunika chikhale paŵiri kapena patatu, ndipo kope limodzi likhale m'nyumba ina kapena pa intaneti. Chifukwa chake n'chakuti hard drive nayonso imafa ikagwa pansi kapena mphenzi ikadzera m'mawaya a magetsi, ndipo mbala ikaloŵa imanyamula zonse pakamodzi. Zimbale zakalezo zisatayidwe ai, koma ziimikidwe m'zikuto zake pamalo ozizira ndi amdima.

Palinso lamulo. Nyimbo ndi mafilimu ogula zili ndi eni ake, amene amatetezedwa ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira zimenezi. Choncho amene akufuna kukopa ntchito za ena ndi kuzigaŵa ayambe wapempha chilolezo.

Phindu la kusamala kotere lidaoneka kale. Hugh Tracey adajambula nyimbo za makolo m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo zikumvekabe lero chifukwa bungwe la International Library of African Music, limene adaliyambitsa mu 1954, lidazisunga ndi kuzisamutsira m'makompyuta. Nayonso wailesi ya MBC, imene idakhazikitsidwa mu 1964, idasamutsa nyimbo za m'matepi ake akale mothandizidwa ndi dziko la Norway, ndipo mau a oimba amene adatsikira kuli chete adamvekanso.

Kwaya ya ku Kauma imene idajambulitsa nyimbo zake pachimbale chimodzi chokha ili pangozi yomwe matepi aja adali nayo. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Nthaŵi yabwino yokopera chimbale ndi pamene chikadaseŵerabe.