Pulogalamu ya bizinesi nayo imakalamba

Amalonda ambiri amene anapangitsa tsamba la pa intaneti logulitsirapo katundu, kapena pulogalamu yolembamo katundu wolowa ndi wotuluka mu sitolo, amaganiza kuti akalipira woipanga nkhani yatha. Ndiye amadabwa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu wopanga uja akabwera n'kunena kuti pulogalamuyo ikufunika kuisamutsira ku mtundu watsopano, ndipo ntchitoyo ndi yolipira. Ena amaona ngati akufuna kuwadyera. Odyera anzawo alipodi, koma nthawi zambiri nkhaniyi imakhala yoona.

Opanga mapulogalamu sayambira pa dothi. Amamanga pa maziko omwe ena anakonza kale, amene amatchedwa framework, monga Laravel ndi Django, kapena amatenga pulogalamu yogulitsira katundu yokonzakonza monga Magento ndi WooCommerce n'kuisintha kuti igwirizane ndi bizinesi ya munthuyo. Maziko amenewa amakhala ndi nambala. Ikasintha nambala yakumapeto, mwachitsanzo kuchoka pa 10.2 kufika pa 10.3, ndiye kuti angokonza zolakwika ndi kuwonjezera tina ndi tina, ngati mmene amasinthira oyilo wa minibasi. Koma ikasintha nambala yoyambirira, kuchoka pa 10 kufika pa 11, kumeneko ndi kutsitsa injini. Zina zomwe zinkagwira ntchito dzulo zimasiya.

Mtundu wakale eni ake sausamalira mpaka kalekale. A Laravel amatulutsa mtundu waukulu chaka chilichonse, ndipo mtundu uliwonse amaukonza zolakwika kwa miyezi 18 ndi kutseka mipata yolowera akuba kwa zaka ziwiri. Nthawi imeneyo ikatha, pulogalamu siima ayi. Imatsegukabe m'mawa, imasindikizabe malisiti. Apa ndi pamene pali msampha, chifukwa mwini sitolo saona chosintha chilichonse, chonsecho loko wa pakhomo akathyoka palibenso wobwera kudzamukonza.

Nkhani ya Magento ikuonetsa bwino mmene zimathera. Magento 2 inatuluka mu November 2015, ndipo kampani ya Adobe, yomwe inagula Magento mu 2018, inasiya kusamalira Magento 1 pa 30 June 2020. Eni masitolo anali ndi zaka zoposa zinayi zokonzekera, komabe ambiri sanasamuke. Sanachite dala. Kusamukako kunali ngati kumanga sitolo ina: mndandanda wa katundu, makasitomala ndi maoda zinkatheka kuzikopera, koma maonekedwe a tsamba ndi tizigawo towonjezera tomwe anagula pambali zinkafunika kupanganso kapena kugulanso. Wamalonda aliyense akudziwa kuwawa kolipira kawiri chinthu chomwe m'maso mwake sichinawonongeke.

Mu September 2020, patangotha miyezi yosakwana itatu, kampani ya Sansec ya ku Netherlands inapeza kuti masitolo a pa intaneti pafupifupi 2,000, ambiri mwa iwo a Magento 1, analowereredwa ndi akuba m'masiku ochepa chabe. Akubawo ankabisa kapulogalamu pa tsamba lolipirira, ndipo kasitomala akalemba nambala ya khadi lake la kubanki, nambalayo inkapitanso kwa iwo. Malonda ankayenda bwinobwino, oda n'kulowa, mwini sitolo osadziwa kanthu.

Wina anganene kuti kuno makasitomala ambiri amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndiye za makhadi sizikumukhudza. Koma mu pulogalamu ya sitolo mumakhalanso mayina ndi manambala a foni a makasitomala, mitengo yopikulira, ndi mndandanda wa omwe anatenga katundu pa ngongole. Zimenezi zikafufutika, wokongola ndi ochepa omwe angabwere okha kudzakumbutsa. Palinso vuto lina losachokera kwa akuba: makampani osunga matsamba a pa intaneti amasiya pang'onopang'ono mitundu yakale ya PHP, chinenero chomwe Laravel, Magento ndi WooCommerce zinalembedwera. PHP 7.4 inasiya kusamaliridwa mu November 2022, ndipo Laravel 11 imafuna PHP 8.2 kupita m'tsogolo. Tsamba lakale likhoza kungodzuka tsiku lina litakana kutseguka chifukwa pansi pake pasinthidwa.

Pa nkhani ya mtengo, kuchedwa sikupulumutsa ndalama. Amene ali kumbuyo ndi mtundu umodzi ntchito yake imakhala yochepa, pomwe amene watsalira ndi mitundu inayi wopanga amayenera kudutsa masitepe onsewo kapena kungoyambiranso. Tizigawo towonjezera tambiri komanso malo osungira tsamba amalipira m'madola, ndipo amene anadikira mpaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 anapeza kuti chinthu chomwecho chikudya makwacha ochuluka kwambiri. Ndi bwino kumapatula kangachepe mwezi ndi mwezi, monga mmene amachitira ndi lendi ya sitolo kapena chiphaso cha kukhonsolo.

Izi sizikutanthauza kuthamangira mtundu watsopano tsiku lomwe watuluka. Opanga tizigawo towonjezera amafuna miyezi ingapo kuti tawo tigwirizane nawo, ndipo wothamanga ndi amene amakumana ndi zolakwika zoyamba.

Mwini bizinesi safunika kudziwa kulemba pulogalamu kuti asapusitsidwe. Angofunsa wopangayo kuti pulogalamu yake inamangidwa pa chiyani, ndi mtundu wa nambala yanji, ndipo eni ake asiya liti kuusamalira. Masiku amenewa amalembedwa poyera pa matsamba a eni framework, moti wina aliyense wodziwa intaneti akhoza kutsimikiza. Wopanga amene akuzemba mafunso atatuwa ndi wokayikitsa.

Ntchito isanayambe, zonse za mu pulogalamu zikoperedwe ndipo mwini bizinesi asunge yekha kope limodzi. Mtundu watsopanowo uyambe wayesedwa pambali, wakale ukugwirabe ntchito, ndipo woyesa asakhale wopanga yekha. Wogulitsa wa pa kauntala ndiye amadziwa zochitika tsiku ndi tsiku: ayese kugulitsa, kubweza katundu, kuchotsera mtengo, kulandira ndalama ya pa foni, n'kuona ngati chiwerengero cha katundu ndi msonkho wa VAT zikufanana ndi za m'buku. Nthawi yosamukira isakhale ya December, yotsegulira sukulu kapena kumapeto kwa mwezi pomwe anthu alandira. Pangano lilembedwe papepala, lonena mtengo, tsiku lomaliza, ndi amene adzakonze zikavuta m'masabata oyamba. Malipiro omaliza adikire mpaka mwini bizinesi atalandira m'manja mwake mapasiwedi onse, komanso ataona kuti dzina la tsamba linalembetsedwa m'dzina lake osati la wopanga.