Call of Duty: Isinthe Olo Ikhale Mmene Tinaidziŵila?

Ngati mumaloŵako mu ma game shop a mu komboni, mkangano uyu munaumvapo kale. Ena akamba kuti Call of Duty ya masiku ano inaonongeka, yabwino inali ija yakudala. Bafana acicepele naonso samvela, ati okamba izi ni madala cabe amene zala zinaleka kuthamanga pa pad. Manje zoona zili kuti?

Game iyi si ya lelo. Inatuluka mu 2003, ena a ise tikali kukwawa, ndipo nkhani yake inali ya nkhondo yaciŵili ya dziko lonse. Mu 2007, Call of Duty 4: Modern Warfare inataya nkhondo yakale ija, n'kubweletsa mfuti na asilikali a masiku ano. Apa ni pamene dzina lake linakula maningi. Conco ngakhale "classic" imene madala alilila inali kusintha kwakukulu panthawi yake.

Koma si kusintha konse kumene kunagwila. Mu 2014, Advanced Warfare inapatsa asilikali ma suti olumphila m'mwamba. Mu 2015, Black Ops III inawayendetsa pa vipupa. Infinite Warfare ya mu 2016 inapeleka nkhondo kumwamba ku mapulaneti, ndipo trailer yake pa YouTube inalandila ma dislike mamiliyoni. Activision inamvela uthenga: mu 2017 inatulutsa Call of Duty: WWII, asilikali n'kubwelela pansi.

Nkhani ya Verdansk nayo ni cimodzimodzi. Map iyi inabwela na Warzone mu March 2020, inacotsedwa kumapeto kwa 2021, anthu n'kudandaula mpaka inabwezedwa mu April 2025. Battlefield inapitamo mofanana. Battlefield 2042 ya mu 2021 inasiya ma class amene anthu anazoloŵela, koma Battlefield 6 ya mu 2025 inawabweza. Ndiye onani Counter-Strike: map yake ya Dust II inayamba mu 2001, ndipo mpaka lelo anthu akali kuombelana pamakona amodzimodzi osalema.

Lomba a mbali inayo naonso ali na mfundo. Game ikangokhala imodzimodzi caka na caka, mulipila ndalama zatsopano pa cinthu cimene muli naco kale. Ndipo kusintha ndiye kunatiloŵetsa ambili a ise mu gulu. Call of Duty: Mobile inatuluka mu October 2019 mahala, ndipo sabata yoyamba cabe inapita pa ma download 100 miliyoni. Munthu wa ku Matero olo Chawama amene alibe PlayStation anayamba kuteya Nuketown pa foni ali mu minibasi. Sembe eni ake anakangamila pa console na kompyuta, sembe tikali kupenyelela cabe.

Pamene ise kuno timvela kuŵaŵa ni pa thumba. Update iliyonse ikudya bundle na space ya mu foni, ndipo foni yochipa imayamba kupya na kugwila-gwila. Mukaikapo vuto ya malaiti, mufika pofunsa kuti update iyi yabweletsa ciani. Ngati yankho ni skin ya Nicki Minaj, monga inabwela mu 2023, olo tukatuni tothamanga na mfuti, ndiye kuti yasintha ni sitolo, game ikali pamene inalili. Microsoft inagula Activision Blizzard mu 2023 pa ndalama pafupifupi madola 69 biliyoni, ndipo ndalama zaconco zifunika kubwelela. Musadabwe kuona sitolo isintha mwamsanga kucila china ciliconse.

Tikaona mbili yonse iyi, oseŵela sakana vatsopano. Analandila Modern Warfare, Warzone na Mobile. Cimene akana ni kugwila mtima wa game: mfuti yomveka bwino mu manja, map imene ungaisunge mu mutu, na mpikisano umene apambana ni waluso. Zithunzi, nkhani na malo omenyela visinthe mmene vifunila, koma vitatu ivi avisiye.

Conco musanathile bundle pa update olo kugula disc yatsopano, yambani mwateyako pa shop olo pa foni ya mnzanu. Ikakukomelani, gulani. Ikakana, Shipment ikalipo, ndipo madala akuyembekezani kumeneko.