Mzinda Wosamalira Ana Ake: Phunziro la ku Medellín

Nkhani yathu ya lero ndi ya kamangidwe ka mizinda, ndipo tipita kutali, ku Medellín, mzinda wa m'dziko la Colombia ku South America.

M'chaka cha 1991 chokha, anthu opitirira 6,000 anaphedwa mumzindawu. Ambiri mwa ophedwawo, ndiponso mwa akuphawo, anali anyamata a m'zithando za m'mapiri ozungulira mzinda, kumene kunalibe misewu yabwino ngakhale ntchito. Mnyamata wosowa chochita ankakopeka msanga ndi magulu ogulitsa mankhwala ozunguza bongo.

Kuyambira mu 2004, pamene a Sergio Fajardo anakhala meya, khonsolo ya mzinda inatsata mfundo yakuti zinthu zabwino koposa zimangidwe kwa anthu osauka koposa. Mfundoyi inali ndi mbali zitatu.

Choyamba, kulumikiza. M'chaka chomwecho anatsegula ngolo zoyenda pa chingwe mumlengalenga, zotsitsa anthu a ku Santo Domingo kukafika pa sitima ya mumzinda. Mu 2011 anaika makwerero oyendera magetsi ku Comuna 13. Motero sukulu ndi ntchito zinayandikira.

Chachiwiri, malo osonkhanirapo. Anamanga nyumba zowerengeramo mabuku zozunguliridwa ndi mabwalo, kuti mwana akaweruka kusukulu akhale ndi kopita kumene akuluakulu akumuona.

Chachitatu, kufunsa eni dera. Anthu ankasonkhana ndi kusankha okha ntchito zoti gawo lina la ndalama za khonsolo ligwire. Chinthu chimene munthu wasankha yekha amachiteteza.

Kuphana kunachepa kwambiri, koma tisanamizane kuti nyumba zokha ndizo zinabweretsa mtendere, pakuti m'zaka zomwezo magulu ena a zida anali kutula mfuti pansi. Ndiponso nyumba yotchuka ya mabuku ya ku Santo Domingo, yotsegulidwa mu 2007, inatsekedwa mu 2015 kaamba ka zolakwika pomanga. Kumanga kopanda kusamalira kumagwetsa anthu mphwayi.

Tsono inu makhansala, mafumu ndi makolo, pamene mukugawa malo m'dera lanu, funsani kuti: bwalo la ana lili pati? Njira ya kusukulu njowala usiku? Kodi achinyamata eni ake tawamva? Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.