Pamene Kazenera ka Kompyuta Kakana Kuonetsa Kalata

Aliyense amene ntchito yake ndi yosunga makalata pa kompyuta, kaya ndi mlembi wa mu ofesi, kaya mphunzitsi wosunga mayeso a ana, adziwa ubwino wa kazenera kaja ka kudzanja lamanja mu File Explorer ya Windows, kamene kamaonetsa zam'kati mwa fayilo munthu asanaitsegule; ndipo adziwanso kuwawa kwa mtima tsiku limene kazenerako kangoti mbee, pamene abwana ali chiimire kudikira kalata yobisala pakati pa zinzake zambirimbiri.

Ambiri pamenepo amathamangira kwa okonza makompyuta, nataya ndalama pachabe, chonsecho kuona maso a nkhono n'kudekha. Kazenerako sikadziwa kuwerenga pakokha ayi, koma kamabwereka maso kwa pulogalamu imene ili mwini wa mtundu wa fayiloyo, monga Word pa makalata ake, kapena Adobe Acrobat Reader pa mafayilo a PDF. Chifukwa chake, ngati zithunzi zikuoneka bwino koma PDF yokha ndiyo ikukana, mlandu ungakhale ndi pulogalamu ya PDF, ndipo kuikonza kapena kuiikanso mwatsopano ndiwo mankhwala ake.

Zikakana zonse, yambani mwadina Alt ndi P pamodzi, pakuti mabatani awiriwa ndiwo amatsegula ndi kutseka kazenerako, ndipo chala chimatha kuwakhudza mwini wake osadziwa. Mukatero lowani mu Folder Options, pa View, muone ngati pa mawu akuti "Show preview handlers in preview pane" pali chizindikiro chochonga. Zikapitirira, tsegulani Task Manager ndi Ctrl, Shift ndi Esc, mupeze Windows Explorer, ndi kuiyambitsanso.

Koma pali kukana kwina kumene ine ndikuona kuti n'koyenera ulemu. Kuyambira mu Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inaletsa dala kazenerako kuonetsa mafayilo otengedwa pa intaneti, popeza anthu a mtima woipa anapeza njira yobisa msampha m'kati mwa kalata, kotero kuti pongoisuzumira, kompyuta inkatha kutumiza kwa iwo zizindikiro zachinsinsi za mwini wake, iye asanatsegule kanthu. Zoonadi, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Fayilo yotere ikakana, ndipo inu mukumudziwa bwino amene anaitumiza, idineni ndi batani la kumanja la mausi, musankhe Properties, muchonge pa Unblock, ndi kuvomereza.

Ndikupemphani, owerenga okondedwa, kuti fayilo yochokera kwa munthu wosamudziwa musaimasule chotero, ngakhale dzina lake likhale lokopa motani. Yambani mwafunsa amene amayang'anira makompyuta pamalo panu pa ntchito.